Mphira ya ku Thailand ndi Anthu Oicheka Usiku

Amene anayendapo pamsewu wa m'mbali mwa nyanja pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay amaidziwa nkhalango ya Vizara: mitengo yandandalika m'mizere, uliwonse ndi kachikho kake m'chiuno, anyamata m'mphepete mwa msewu akugulitsa mipira yopota ndi mphira. Popeza ambiri a ife mphira tinaionera pamenepo, timaitenga ngati mbewu ya esiteti, ya kampani yokhala ndi fakitale ndi mlonda pachipata. Maganizo amenewa ali ndi pogwira, chifukwa ku Liberia nako kampani ya Firestone yakhala ndi munda waukulu kuyambira 1926. Koma ku Thailand, dziko limene limakolola mphira yambiri kuposa lina lililonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphira yonse yachilengedwe, zinthu sizili choncho. Kumeneko pafupifupi 90 peresenti imachokera kwa alimi ang'onoang'ono, mabanja a mahekitala awiri, atatu kapena anayi. Mitengo yoyamba inabzalidwa m'chigawo cha Trang cha m'ma 1899.

Ntchito yake ndi ya usiku. Wocheka amadzuka cha m'ma 2 koloko, tochi pamphumi, mpeni wokhota m'manja, chifukwa utomoni umayenderera bwino kunja kukali kozizira. Pamtengo uliwonse amasenga kakhungwa kopyapyala mopendeketsa, utomoni woyera nkumatsetserekera m'kachikho. Akazamitsa mpeni, wauvulaza mtengo ndipo waufupikitsira zaka. Akapepuza dzanja, utomoni utuluka wochepa. Luso limeneli silipezeka m'sabata imodzi. Mvula ikagwa usiku sacheka, ndipo miyezi imene masamba akuyoyoka, cha m'ma February mpaka April, mitengo amaipumitsa. Mwini munda amene sangathe yekha amagawana ndalama ndi womuchekera, kawirikawiri 60 kwa 40 kapena pakati ndi pakati, ndipo ambiri mwa ochekawo ndi obwera kuchokera ku Myanmar.

Ena amati masiku a mphira ya m'mitengo anatha, poti mafakitale amapanga ina kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Yopangayo ilipodi, ndipo imagwiritsidwa ntchito mochulukirapo kuposa yachilengedwe. Komabe tayala la ndege kapena la lole yolemera limafuna mphira yopirira kutentha ndi kung'ambika, ndipo pamenepa ya m'mitengo sinapezeke yoilowa m'malo. Pafupifupi 70 peresenti ya mphira yachilengedwe imathera m'matayala. Ogula alipo, ndipo sakuchoka msanga.

Chikhulupiriro chimene chimandigwira mtima ndi china, chakuti ukabzala mitengo yotere wadzisungira penshoni. Ndi chikhulupiriro chomveka. Mtengo wa mphira ukayamba kuchekedwa umapereka ndalama pafupifupi sabata iliyonse kwa zaka 20 kapena kuposa, ndipo ukakalamba matabwa ake amagulitsidwa kwa opanga mipando. Alimi akumwera kwa Thailand aphunzitsa ana ndi kumanga nyumba za njerwa ndi ndalama zimenezi. Vuto lili pa nthawi. Kuchokera pobzala kufika pocheka koyamba pamadutsa zaka 6 kapena 7. Mlimi wa fodya akakhumudwa ku okushoni, chaka chamawa akhoza kulima soya. Wa mphira sangatero, chifukwa chisankho chake anachipanga zaka zapitazo ndipo chaima m'munda.

Taonani zimene zinachitika. M'zaka za m'ma 2000 dziko la China linkagula mphira mochuluka chifukwa cha mafakitale ake a magalimoto, malonda nkumakwera chaka ndi chaka. Mu 2004 boma la Thailand linayamba ntchito yofalitsa mphira kumpoto ndi kumpoto chakummawa, pa malo okwana mahekitala 160,000. Vietnam, Laos, Cambodia ndi kumwera kwa China nawo ankabzala. Mu February 2011 kilogalamu imodzi inkagulidwa madola oposa 6 pamsika wa dziko lonse. Kenako mitengo yonse yobzalidwa m'zaka za chisangalalo ija inakhwima nthawi imodzi, chuma cha China chitayamba kuyenda pang'onopang'ono, mafuta nawo nkudzatsika, zimene zinatchipitsa mphira yopanga. Mu 2013 alimi okwiya anatseka misewu ndi njanji m'chigawo cha Nakhon Si Thammarat. Pofika kumayambiriro kwa 2016 kilogalamu inali pansi pa dola imodzi ndi theka. Palibe mlimi amene anachita ulesi kapena kulakwitsa kabzalidwe. Aliyense anachita zanzeru payekha, koma zanzeru za anthu mamiliyoni zinakumana pamsika tsiku limodzi.

Munthu akhoza kufunsa kuti, poti Thailand ndiye mwini mphira, bwanji osangolamula mtengo wogulira? Anayesapo. Mu 2001 Thailand, Indonesia ndi Malaysia anapangana zogwirizana pa malondawa, ndipo kangapo konse achepetsako mphira yotumiza kunja. Boma la Thailand linagulanso mphira yambiri nkuiunjika m'nyumba zosungira. Malonda ankadzuka pang'ono nkugwanso, chifukwa ogula ankadziwa kuti mulu uja udzatuluka ndithu, ndipo mayiko amene sanali m'panganolo ankagulitsa momasuka. Côte d'Ivoire, kumene alimi ambiri awonjezera mphira pa koko, lero ili m'gulu la mayiko otsogola. Mtengo weniweni wogulira umapangidwa m'misika ya Singapore, Shanghai ndi Osaka. Mu 2019 boma la Thailand linasintha njira, nkulonjeza kumawonjezera ndalama kwa mlimi kilogalamu ikatsika pansi pa ma baht 60, ndalama za dzikolo. Thandizo lotere limapepuza mavuto a chaka chimenecho, koma limadya ndalama za boma ndipo limadalira amene ali pampando.

Chimene chasunga ulimiwu, m'kuona kwanga, ndi chinthu chosamveka phokoso. Mu 1960 dziko linakhazikitsa thumba lothandiza kubzalanso, ndipo ndalama zake zimachokera ku kamsonkho kodulidwa pa kilogalamu iliyonse yotumizidwa kunja. Mlimi amene mitengo yake yakalamba amalandira thandizo kuti agwetse, abzale mbande zobereka bwino, agule feteleza ndi kusamala munda m'zaka zimene palibe chocheka. Kuyambira 2015 ntchitoyi ili m'manja mwa Rubber Authority of Thailand. Popanda thumba lotere banja losauka limangochekabe mitengo yotopa mpaka khungwa litatha, chifukwa kugwetsa ndi kuvomera zaka 7 zopanda ndalama. Alangizi amalimbikitsanso chinanazi, nthochi kapena mpunga wakumtunda pakati pa mizere mitengo ikadali yaing'ono, ndipo m'zigawo monga Phatthalung muli alimi amene amasunga zipatso, ndiwo ndi mitengo ya matabwa pansi pa mphira yokhwima. Mabanja oterowo malonda akagwa amavutika, koma sagona ndi njala ndipo sathamangira katapila.

Palinso oganiza kuti munda wa mphira ndi nkhalango basi, poti ndi mitengo. Umateteza nthaka ndi kusunga chinyezi kuposa munda wa mbewu za pachaka, zimenezo nzoona. Koma kumene anagwetsa nkhalango yachilengedwe kuti abzale mphira, monga zachitikira kwambiri ku Cambodia ndi Laos, mbalame, nyama ndi mankhwala a m'tchire sizinabwerere. Ndiponso minda yambiri ya ku Thailand ndi ya mtundu umodzi wa mbande, RRIM 600, wochokera kwa akatswiri a ku Malaysia. Mitengo yofanana chibadwa imadwala limodzi. Munda wa mphira wa Henry Ford, wopanga magalimoto, ku Brazil, umene unayamba mu 1928, unalephera mwa zina chifukwa cha matenda a masamba, m'dziko lenileni limene mtengowu unachokera. Matenda amenewo sanafike ku Asia, koma ena oyoyola masamba analowa kumwera kwa Thailand mu 2019 nkuchepetsa utomoni.

Mu 2023 European Union inakhazikitsa lamulo lakuti mphira yolowa kumeneko isachokere pa malo amene nkhalango inagwetsedwa pambuyo pa December 2020, ndipo munda uliwonse uzidziwika pamapu. Cholinga chake ndimagwirizana nacho. Nkhawa yanga ili pa mlimi wopanda mapepala a malo, ndipo ku Thailand alipo ambiri: iye amavutika kale kulandira thandizo la boma, ndipo tsopano akhoza kutsekeredwanso msika wabwino, esiteti yokhala ndi maloya nkudutsa mosavuta. Wocheka wogawana ndalama ndi mlimi nayenso sapezeka m'kaundula wa eni minda. Pakali pano ana a alimi akupita kukagwira ntchito ku Bangkok ndi Phuket, ndipo makolo ena ikakwana nthawi yogwetsa mitengo akubzala migwalangwa ya mafuta kapena zipatso za durian, njira imene alimi a ku Malaysia anadutsa kale dziko lawo litasiya kukhala loyamba pa mphira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.