Kugawa nsomba kapena kugawa madzi: Iceland ndi Chile

Pangano la malamulo a panyanja lomwe mayiko anasainira ku Montego Bay m'chaka cha 1982 linapatsa dziko lililonse la m'mphepete mwa nyanja yamchere ulamuliro pa nsomba za m'madzi ake, mpaka mamailosi a panyanja 200 kuchokera kugombe. Linalamulanso kuti dziko liziika malire a nsomba zoyenera kugwidwa. Za amene azigwira nsombazo linasiyira dziko lililonse. Iceland inasankha kugawa nsomba. Chile, poganizira asodzi ang'onoang'ono a m'gombe, inagawa madzi.

Mayiko awiriwa anayamba kuchitapo kanthu njala ya nsomba itawaopseza. Ku Iceland nsomba ya cod, yomwe dzikolo linalimbirana ndi Britain mpaka 1976, inkachepa ngakhale sitima zachilendo zinali zitathamangitsidwa. Ku Chile nkhono ya m'nyanja yotchedwa loco inakololedwa mopyola muyezo chifukwa cha msika wa ku Asia, mpaka boma linatseka usodzi wake kuyambira 1989 mpaka 1992.

Iceland inayamba kupatsa maboti magawo awo mu 1984, potengera nsomba zomwe anagwira zaka za m'mbuyo, ndipo lamulo la 1990 linalola kuti magawowo azigulitsidwa momasuka. Akatswiri amayeza nsomba zomwe zili m'nyanja, nduna imalengeza mlingo wa chaka, mwini boti amadziwa matani ake asananyamuke. Akafika padoko nsomba zonse zimakwera pasikelo yovomerezeka, ndipo kutaya nsomba m'madzi n'koletsedwa. Chile, mwa lamulo la 1991, imapereka chigawo cha pansi pa nyanja ku bungwe la asodzi a pamalopo. Bungwelo limalemba akatswiri owerenga nkhono, limapereka ndondomeko ya kakololedwe ku boma, kenako mamembala amalowa pansi pa madzi atavala zovala zampira, akupuma kudzera m'paipi yochokera m'boti, n'kumamatula nkhono pamiyala imodziimodzi. Ku Iceland chimene chimasunga lamulo ndi sikelo. Ku Chile ndi maso a anthu odziwana.

Kusiyanaku kuli ndi chifukwa chake m'madzi momwemo. Cod imayenda mitunda italiitali, choncho kuilembera malire a malo n'kutaya nthawi, chotheka n'kuiwerenga. Loco imakakamira pamwala, ndipo amene waisiya chaka chino akhoza kuipeza itakula chaka chamawa, ngati mlimi amene wasunga mbewu m'munda mwake. Wasayansi Juan Carlos Castilla anaonetsa zimenezi ku Las Cruces, ku Chile, pamene kachigawo ka gombe kanatchingidwa mu 1982 ndipo nkhono zinachulukanso. Mfundo yapansi ndi imodzi konseku: munthu amasamala chimene akudziwa kuti adzakolola yekha.

Koma kupatsa wina ufulu ndiko kumana wina, ndipo apa mpamene mtima wanga umakhala kwambiri. Lamulo la Iceland limayamba ndi kunena kuti nsomba za m'madzi a dzikolo ndi chuma cha mtundu wonse. Chikhalirecho magawo anaperekedwa kwaulere kwa amene anali ndi maboti panthawiyo, ndipo pogulitsanagulitsana anaunjikana m'manja mwa makampani akuluakulu. Mudzi wa m'dera la Westfjords ku Iceland ukhoza kukhala ndi doko, fakitale ndi asodzi odziwa ntchito, gawo litagulitsidwa kwina, nsomba zikusambira pafupi koma osaloledwa kuzigwira. Mu 2007 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inagwirizana ndi asodzi awiri omwe anadandaula kuti kagawidweka kanali kokondera. Ku Chile chigawo sichigulitsidwa, choncho sichichoka pamudzi. Komabe msodzi amene sali m'bungwe amatsala kunja, malo otseguka kwa aliyense amakololedwa mpaka kuyera, ndipo akuba amabwera usiku. Kulondera kumagwera mamembala eni ake, ndipo mabungwe ena akutali anasiya zigawo zawo ataona kuti ulonda ukudya phindu lonse.

Njira ya Iceland yasunga cod, yalemeretsa dziko, koma yawawitsa midzi. Njira ya Chile yasunga mudzi pamodzi ndi nkhono zake, koma mphamvu yake imathera pamalire a chigawo. Iceland yomwe inaona kufunika kobwezako pang'ono: kuyambira 2009 maboti ang'onoang'ono amaloledwa kuwedza ndi mbedza m'miyezi yotentha popanda kugula gawo.