Mafuta Ochokera M'munda: Kodi Mtengo Wake Alipira Ndani?

Mtsinje wa Dwangwa umayambira kuno ku Kasungu, nudutsa m'zigwa zathu za fodya mpaka kukathira m'nyanja m'boma la Nkhotakota. Kumunsiko madzi ake amathirira minda ya nzimbe, ndipo kuyambira chaka cha 1982 fakitale ya ETHCO yakhala ikutcheza mafuta otchedwa ethanol kuchokera ku madzi akuda, onata, amene amatsala popanga shuga. Mafutawo amawasakaniza ndi petulo. Motero amene wakwera galimoto ya petulo m'dziko muno wayendapo ndi mphamvu ya nzimbe.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Dziko lathu lilibe zitsime za mafuta, ndiponso lilibe doko. Petulo amabwera kuchokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam pa ndalama zakunja. Nzimbe zimaphukanso chaka ndi chaka, ndipo pokula zimayamwa mpweya woipa umene injini zimatulutsa. Koma makolo athu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chilichonse chopangidwa kuchokera ku mbewu chimadya nthaka, madzi kapena mitengo. Nzimbe zimamwa madzi ambiri, ndipo zotsalira zotcheza ethanol zikatayikira mu mtsinje zimapha nsomba.

Ife a ku Kasungu phunziro limeneli tinaliphunzira pa fodya. Fodya wa fulu anabweretsa malata, njinga ndi fizi ya ana, koma balani iliyonse inkafuna nkhuni usana ndi usiku kwa masiku angapo kuti tsamba lipse bwino, ndipo zigafa za fodya wa bale zinkafuna milimo. Misuku ndi mitondo inapita. Ndalama za fodya tinaziwerenga ku okushoni, koma mtengo wa nkhalango sunalembedwe pa pepala lililonse. Aulipira ndi amayi amene amalawira m'mamawa kukafuna nkhuni kutali, ndi mitsinje imene imadzaza mchenga. Ndipo mtengo ukagwa ku Kasungu, madzi a mlimi wa nzimbe ku Dwangwa amachepa m'chilimwe.

M'zaka zoyandikira 2010 kunabwera mbewu ina, jatropha, imene ife timaitcha msatsimanga. Kampani ya BERL inalimbikitsa alimi a m'maboma angapo, kuphatikizapo Kasungu, kuti aibzale ndi kugulitsa njere zake zoyengera mafuta. Nzeru imodzi inali yabwino: anaibzala m'malire a minda ngati mpanda, kuti isalande malo a chimanga. M'maiko ena anthu anapereka minda yathunthu atamva kuti mbewuyi imabereka ngakhale pa nthaka yoguga. Zokolola zinachepa, makampani ambiri anatseka, ndipo alimi anatsala ndi njere zakupha zimene munthu kapena mbuzi sangadye.

Nkhani yaikulu ili pa chakudya. Ku United States chimanga chambiri chimapita kotcheza ethanol. Kuno, kumene njala ya 2002 inatilanda abale ambiri, chimanga ndiwo moyo, ndipo sitingachithire m'thanki ya galimoto. Apa mpamene ethanol wa ku Dwangwa apambanira: amachokera ku zotsalira, osati ku nkhokwe.

Tsono makolo ndi achinyamata, mlendo akadzafika pamudzi ndi mbewu yatsopano ndi malonjezo okoma, tisadzamkane, koma tidzamfunse mafunso atatu. Kodi mbewuyi idzatenga munda wa chakudya? Kodi idzafuna nkhuni ndi madzi ochuluka bwanji? Nanga wogula akadzachoka, tidzaichita chiyani? Pamene tikuyembekezera mayankho, banja lililonse lolima fodya libzale mitengo yake mvula ikagwa, pakuti nthaka imene tikulimayi adzailimanso ana athu.