Mipingo ya ku Dowa ndi Ntchisi pa Nthawi ya Covid-19

Pa 20 Marichi 2020, Pulezidenti Peter Mutharika analetsa misonkhano ya anthu opitirira 100, Covid-19 isanafike n'komwe m'dziko muno. Odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kumene tchalitchi chimadzaza Lamulungu mpaka ena kukhala pakhonde, akulu a mpingo anagwira njakata: uuza ndani kuti abwerere kunyumba?

Kuderali mpingo unazika mizu kalekale. Mishoni ya Mvera inatsegulidwa mu 1889 ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok ochokera ku South Africa, ndipo ya Kongwe inatsatira mu 1894. Zipatala za Madisi ndi Mtengowanthenga ndi za Akatolika, pomwe cha Chinthembwe ku Ntchisi ndi cha Sinodi ya Nkhoma. Zipatala za mipingo, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'Malawi. Choncho mliri unapeza mpingo uli kale pakati pa odwala.

Mapemphero anagawidwa kawirikatatu. Pakhomo la tchalitchi panaikidwa chibekete cha mpopi ndi sopo, mtumiki ataima pambali kuwerenga olowa. Moni wa padzanja unatha. Okalamba ambiri anatsalira kunyumba n'kumamvera ulaliki pa wailesi, monga Radio Maria ndi Trans World Radio, ndipo kupembedza kunatsamira pa milaga ndi miphakati, momwe anthu amakumana ochepa.

Povuta kwambiri panali pamaliro. Kwa Achewa, kugona pasiwa ndi kuperekeza mnzako kumanda si nkhani yosankha. Amayi a Chigwirizano anazolowera kuchezera kuimba usiku wonse, kutunga madzi ndi kuphikira okhuza. Tsopano mtembo wa womwalira ndi Covid-19 unkaikidwa msanga, motsogozedwa ndi azaumoyo, ndipo mbusa ankalalikira mwachidule ali chapatali. Abusa ndi ansembe ndiwo ankafotokozera anamfedwa chifukwa chake sakuloledwa kuona nkhope.

Mu Ogasiti 2020, boma la Pulezidenti watsopano, Lazarus Chakwera, yemwe anatsogolerapo mpingo wa Assemblies of God, linati osonkhana asapitirire 10. Atsogoleri a mipingo anadandaula kuti sanafunsidwe, ndipo chiwerengero chinabwerera pa 100.

Ku Dzaleka, msasa wa othawa kwawo wa m'boma la Dowa womwe unatsegulidwa mu 1994, uphungu wokhala motalikirana unali wosatheka. Malo okonzedwera anthu pafupifupi 10,000 anali ndi anthu oposa 40,000, ambiri ochokera ku DR Congo, Burundi ndi Rwanda. Sukulu zomwe bungwe la Jesuit Refugee Service limayendetsa kumeneko zinatsekedwa limodzi ndi zina zonse m'dziko.

Katemera atafika pa 5 Marichi 2021, mphekesera zinali zitamutsogolera kale: ati ndi chizindikiro cha 666, ati amatseka mimba. Ena mwa ofalitsa anali olalikira omwe. Mu Meyi boma linatentha katemera 19,610 yemwe anatha mphamvu asanabayidwe. Koma maepiskopi a Katolika ndi atsogoleri ena a mipingo analimbikitsa akhristu awo kukabayitsa, ndipo m'midzi yakutali ndi chipatala alangizi a zaumoyo ankapempha mpata pa nthawi ya zolengeza kuti anene tsiku ndi malo a katemera.