Zipolopolo zophunzirira: kutchipa kwenikweni kuli pati?

Pa tsiku la msika pa Lufita pamayenda ndalama zambiri kuposa momwe mlendo angaganizire. Ogula nyemba, chimanga ndi mawere amabwera ndi ndalama m'zikwama, ndipo okapikula katundu ku Tunduma kapena ku Nakonde nawonso amayenda ndi mipukutu. N'chifukwa chake amalonda ena akuluakulu amafuna mfuti ya m'manja, ija ambiri amati pisitolo. Ochepa amene ali nayo mwalamulo amakumana ndi vuto limodzi: mfuti yosaizolowera ndi ngozi kwa mwini wake yemwe, koma kuizolowera kumadya zipolopolo, ndipo zipolopolo zimadya ndalama.

Nkhani ya mtengo isanayambe pali nkhani ya chilolezo. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Act ya 1967, limakhudza zipolopolo monga momwe limakhudzira mfuti. Munthu wopezeka nazo alibe chiphaso wapalamula, ngakhale m'nyumba mwake mulibe mfuti. Ziphaso zimadzera ku polisi, ndipo laisensi imafuna kukonzanso chaka ndi chaka. Choncho mwini mfuti wa ku Lufita ayambire ku polisi ya Chitipa kukafunsa sitolo zololedwa kugulitsa komanso kuchuluka kwa zipolopolo zomwe chiphaso chake chikumulola kusunga. Safunsa anadya phula. Malire otere si a kuno kokha: ku South Africa lamulo la chaka cha 2000 limalola mwini mfuti wamba kusunga zipolopolo zosapitirira 200 pa mfuti iliyonse yomwe ali ndi laisensi yake.

Chitipa ili m'malire a Tanzania ndi Zambia, ndipo tinjira tozembetsera shuga, sopo ndi feteleza n'tosawerengeka. Munthu akhoza kunong'onezedwa kuti pali zipolopolo za theka la mtengo. Kupatula kuti umenewo ndi mlandu, katunduyo ndi wokayikitsa. Mfuti ndi zipolopolo zambiri zinamwazika m'chigawo chino nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, zinanso pa nthawi ya Operation Bwezani mu December 1993, pomwe asilikali ankalanda zida za a Malawi Young Pioneers. Chipolopolo chomwe chakhala zaka zoposa 30 chikusinthana manja, mwina chitakwiriridwa pansi kapena kubisidwa kudenga, palibe angalumbire kuti onga wake ukadali bwino.

Tsono wogula m'njira yoyenera asankhe bwanji?

Choyamba ndi saizi, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Anthu amangoti "naini", koma zipolopolo za 9mm zilipo zingapo zosalowana. Yofala kwambiri ndi 9x19, yomwe imatchedwanso Luger kapena Parabellum, yomwe Georg Luger anaikonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Palinso 9x18 Makarov ya mfuti za ku Russia, ndi 9x17, imene ena amailemba kuti .380 ACP kapena 9mm Short. Nambala yachiwiriyo ndi kutalika kwa khoko m'mamilimita. Kusiyana kwa milimita imodzi kumaoneka kochepa m'maso, koma m'mfuti n'kokwanira kuti ikakamire kapena iwonongeke. Saizi yoyenera imadindidwa pa mfuti penipeni, imalembedwa pa bokosi, ndipo kawirikawiri imadindidwanso kunsi kwa chipolopolo. Zitatuzi zifanane. Wogulitsa akanena kuti "izi zimalowanso", wogula abweze ndalama m'thumba.

Chachiwiri ndi mtundu wa mutu. Zophunzirira zimalembedwa FMJ pa bokosi: mutu wake ndi mtovu wokutidwa ndi mkuwa, wosalala. N'zosavuta kupanga, motero n'zotsika mtengo. Zina zimalembedwa JHP, za mutu wa dzenje, ndipo nthawi zambiri mtengo wake umafika pawiri kapena kuposa. Kuwombera pepala ndi zimenezo kuli ngati kudyetsa nkhumba mpunga wa Kilombero. Pa bokosi pamakhalanso nambala monga 115 gr kapena 124 gr, komwe ndi kulemera kwa mutu. 115 gr ndi pafupifupi magalamu 7.5, ndipo 124 gr ndi magalamu 8. Wophunzira sangaone kusiyana kwakukulu, choncho atenge yomwe yatsika mtengo. Zolembedwa +P azisiye, chifukwa n'zamphamvu kuposa zamasiku onse, n'zodula, ndipo si mfuti iliyonse inapangidwira mphamvu imeneyo.

Kuwerengera mtengo kumafuna luso lomwe mayi aliyense wogulitsa nyemba pa Lufita ali nalo kale: safunsa mtengo wa ndowa asanadziwe kuti mukulowa mbale zingati. Za FMJ kawirikawiri zimabwera 50 m'bokosi, pomwe zina zimabwera 20 kapena 25. Bokosi la 20 likamagulitsidwa theka la mtengo wa bokosi la 50, limaoneka lotchipa, koma chipolopolo chimodzi chakwera ndi 25 peresenti. Mtengo wofunika ndi wa chimodzi, osati wa bokosi.

Khoko nalo lili ndi mtengo wake. La mkuwa wachikasu ndi lomwe mfuti zambiri zimalandira bwino. La chitsulo limatsikirapo mtengo, koma mfuti zina zimavutika kulilavula, ndipo likakhala pachinyezi limachita dzimbiri. Nzeru yake n'kugula bokosi limodzi kaye n'kuona ngati mfutiyo ikugwirizana nalo. Mayina monga PMP ya ku Pretoria, Sellier & Bellot ya ku Czech Republic, yomwe inayamba mu 1825, ndi Magtech ya ku Brazil ndi a mafakitale odziwika, ndipo mabokosi awo amakhala ndi nambala ya gulu lomwe zinapangidwira limodzi. Zogulitsidwa m'jumbo, zosakanikirana mitundu, zopanda bokosi, sizidziwika kuti anadzaza ndani.

Ngozi ya zipolopolo zakale kapena zodzazidwanso ndi munthu wosadziwika imabwera m'njira ziwiri. Nthawi zina chipolopolo chimalira mofooka, mutu wake n'kutsakamira pakati pa mpope. Wowombera akapanda kuzindikira n'kuwomberanso, mpope umatupa kapena kuphulika m'manja mwake. Kulira kwachilendo kulikonse n'chizindikiro choti aime, achotse zipolopolo zonse, aone ngati mpope uli woyera. Nthawi zina chipolopolo chimachedwa kuyaka. Akakoka n'kukhala zii, mfuti iloze komweko kwa masekondi 30 asanaitsegule. Zina zakale za asilikali zimasiya mchere mu mpope, ndipo mfuti ikagona osatsukidwa dzimbiri limayamba. Ndalama yomwe inapulumutsidwa pa bokosi imakathera pa kukonzetsa mfuti, ngati munthuyo wachita mwayi osavulala.

Popeza zipolopolo zimachokera kunja, mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu yense wakunja anakwera, ndipo wa ku Chitipa amaonjezerapo thiransipoti yopita kutauni kudzera ku Karonga. Kugula kamodzi zokwanira miyezi ingapo kumapulumutsa maulendo, bola asapyole malire a chiphaso chake. Lisiti isungidwe pamodzi ndi laisensi, chifukwa ndi yomwe idzamuyankhire pa rodibuloko.

Njira yotchipa kuposa zonse siifuna onga n'komwe. Kagwiridwe, kaimidwe ndi kakokedwe munthu amatha kuzolowera ndi mfuti yopanda kanthu, ataionetsetsa kawiri kuti ilibe chipolopolo, zipolopolo zenizeni zili m'chipinda china. Pali tizipolopolo tapulasitiki topanda onga topangidwira zimenezi. Kumaiko komwe masewera owombera ndi ofala, ophunzira amayambira pa .22 LR, yomwe ndi yotsika mtengo kwambiri, koma kuno mfuti yachiwiri ikutanthauza chilolezo chinanso, motero kwa ambiri masamu ake satuluka.

Malo ophunzirira asakhale kuseri kwa golosale kapena kudimba. Chipolopolo cha 9mm chikaphonya chimatha kuyenda mtunda wopitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo kuzungulira Lufita kuli midzi, minda ndi ana oweta ng'ombe. Apolisi ndi amene angalozere malo ovomerezeka. Zotseka m'makutu ndi magalasi oteteza maso ziwerengeredwe pa bajeti yomweyo, ndipo akamaliza asambe m'manja ndi sopo asanagwire nsima chifukwa cha mtovu.

Mvula ikayamba, mabokosi otsala asungidwe m'bokosi lachitsulo lokhoma, pouma, kutali ndi mbaula komanso kosiyana ndi komwe kumagona mfuti, kiyi wake ali ndi mwini yekha.