MUTU WA INJINI YOPANDA MADZI: MAU KWA ENI MAGALIMOTO AKALE

Abale athu a ku migodi ndi a ku mapulazi, ambiri a ife tikagwira nchito zaka zingapo timakhumba kubwerera kwathu ndi galimoto, ingakhale yakale. Mwa magalimoto otere iripo Volkswagen Beetle, ya msana wonga wa kamba, imene inamangidwa ku Uitenhage, m'dziko la South Africa, kuyambira caka ca 1951 kufikira 1979. Injini yace iri kumbuyo, ndipo siimwa madzi monga zinzace. Iziziritsidwa ndi mphepo ya fani pamodzi ndi oilo. Cifukwa cace mdani wace wamkuru ndiye kutentha, ndipo coyamba kupsa ndico mutu wa injini, umene amakaniko auchula hedi.

Mituyo iripo iwiri, wina kumanja, wina kumanzere, ndipo uli wonse ubvundikira masilinda awiri. Ndi ya aluminiyamu, citsulo copepuka cimene cikatentha kopitirira muyeso cing'aluka pakati pa mavalavu, kapena pa dzenje la pulagi. M'mainjini opangidwa cisanafike caka ca 1971, silinda yacitatu, ya kumanzere cakutsogolo, ndiyo ibvutika koposa, popeza coziziritsa oilo cinaikidwa pa njira ya mphepo yace.

Tsono dziwani kuti mutu suonongeka osacenjeza. Pa makilomita 5,000 ali onse tiyenera kuyesa mpata wa mavalavu injini iri yozizira, ndipo muyeso wace ndiwo mamilimita 0.15. Tikapeza kuti mpata wa valavu yoturutsa utsi watsekeka, ndipo titaukonza watsekekanso ulendo wotsatira, pamenepo valavuyo irikutanuka, kapena mpando wace ulikumira m'mutu. Munthu akanyozera, tsiku lina valavuyo idzaduka nigwera pa pisitoni. Amene akadagula mutu umodzi adzagula injini yonse, ndipo adzagona m'chire ndi katundu wa ana ace. Cizindikiro cina ndico phokoso la mpweya wothawa m'mbali mwa injini pokwera citunda. Ndiko kuti mutu wakhwefuka.

Pokonza tiyamba kutsitsa injini pansi, nchito yosabvuta kwambiri, pakuti igwidwa ku giyabokosi ndi mabauti anai okha. Ticotsa malata oikuta, mipope ya utsi ndi ya petulo, ndi timikono tokankha mavalavu. Ndodo zimene zikankha timikonoto tizindandalike bwino, kuti iri yonse ibwerere pa malo pace. Kenaka timasula manati asanu ndi atatu, ndi kukoka mutu pang'onopang'ono, masilinda osasuntha. Tiutsuke, tiuyang'ane padzuwa. Ngati mng'alu walowa kufikira m'njira ya utsi, kapena mpando wa valavu ugwedera, tisataye ndalama ndi kuocerera. Tifune mutu wina wofanana ndi unzace wa mbali inayo. Mavalavu a utsi akale tisawabwezeremo.

Pomanga ndipo pafunika mtima wofatsa, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Pa injini ya 1600 palibe gasiketi pakati pa mutu ndi silinda. Citsulo cikhudzana ndi citsulo cinzace, kotero kamcenga kamodzi kakwanira kuturutsa mpweya. Pa timipope tinai todutsamo ndodo zija tiike mphira zatsopano, kuti oilo asadonthe. Manati timange ndi sipanala yoyesa mphamvu, motsata dongosolo la m'buku la galimotoyo: poyamba onse pa 10 Nm, pambuyo pace pa 32 Nm ngati mabauti ali a mamilimita 10, kapena pa 25 Nm ngati ali a mamilimita 8. Mphamvu za ku mgodi tizisiye ku mgodi. Thupi la injini ndi la citsulo cofewa, ndipo womanga mopitirira azula mabauti ndi mizu yomwe. Tikatha tiyesenso mpata wa mavalavu.

Cotsiriza ndi ici: malata onse abwerere m'malo mwao, ngakhale kakang'ono ka pansi pa masilinda. Ena awataya poyesa kuti ali cabe, koma ndiwo aongolera mphepo ku mutu. Ndipo nyali yofiira ya jenereta ikayaka paulendo, imani pomwepo muone lamba, pakuti lamba yemweyo ndiye azunguza fani. Tikasunga izi, abale, galimoto ya thukuta lathu idzatifikitsa pakhomo.