Mlandu umene sitinaukambe pa bwalo

Mwezi wa Epulo ukafika, pa Santhe pamanunkha fodya. Zigafa zimakhala zodzaza, ndipo malole amadutsa atasenza mabelo kupita ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ya ku Kanengo. Wambiri ndi burley, koma alipo wina woumitsa m'mabalani amene amalonda amamutcha Virginia. Dzinali ndi la dera lina la ku America, kumene m'chaka cha 1619 chombo chinatsitsa anthu a mu Africa pafupifupi 20. Iwo ndi ena miyandamiyanda amene anabwera pambuyo pawo ndiwo analima fodya amene analemeretsa Virginia. Choncho tsamba limene timasoka kuno lili ndi mbiri ya ukapolo kutsidya kwa nyanja, pamene nthaka imene timalibzalapo ilinso ndi mbiri yakeyake ya ukapolo, imene sitikonda kuitchula.

Ku America nkhani ya akapolo anaikangana okhaokha kwa zaka zambiri. Mu 1820 aphungu awo anajambula mzere wa malire: madera atsopano a kumpoto kwa mzerewo asakhale ndi akapolo, a kumwera akhale nawo. Mtendere wake sunakhalitse. Mipingo inang'ambika, a Methodist mu 1844, a Baptist mu 1845, abale opemphera Mulungu mmodzi atalephera kumvana ngati mwini akapolo angakhale mtsogoleri mu mpingo. Mu 1857 khoti lalikulu, pa mlandu wa Dred Scott, linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika ya dzikolo. Abraham Lincoln atapambana chisankho mu 1860 ndi mfundo yoti ukapolo usafalikire m'madera atsopano, dera la South Carolina linachoka mu mgwirizano wa madera a America, ena n'kutsatira mpaka anakwana 11, likulu lawo n'kukhala Richmond, mu Virginia momwemo. Nkhondo yapachiweniweni inayamba pa 12 Epulo 1861 ndipo inatha mu 1865, itapha asilikali oposa 600,000. Akapolo panthawiyo analipo pafupifupi 4 miliyoni, ndipo anthu akuda pafupifupi 180,000 anavala yunifolomu kumenyera ufulu wawo. Chimene chimandikhudza pa mbiriyi si kuchuluka kwa maliro kokha ayi, koma kuti dziko lonse linakakamizika kuyankha funso limodzi: kodi munthu angakhale chuma cha mnzake? Aliyense anayenera kusankha mbali, ngakhale pakati pa ana a bere limodzi.

Kwathu kuno malonda a anthu analowera kunyanja. Kuyambira cha m'ma 1840, a Jumbe, Aswahili a ku gombe la kum'mawa, anakhazikika pa Nkhotakota, pomwe zombo zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi anthu pa ulendo wa ku Kilwa ndi Zanzibar. Njira yochokera ku chigwa cha Luangwa inkadutsa m'dziko la Mwase Kasungu, ndipo Mwase analemera nayo. Anapeza nsalu, mikanda, makamaka mfuti ndi wonga. Ndi mfutizo Achewa a ku Kasungu anatha kulimbana ndi Angoni, pamene midzi yambiri ya Achewa kwina inkagonja kapena kuthawira m'mapiri. Ndimamvetsa chimene chinkawawopsa makolo athuwo: wopanda mfuti ankagwidwa. Koma mfuti sinkabwera yaulere, ndipo mtengo wake nthawi zina unali mwana wa m'mudzi wina atamangidwa goli m'khosi.

Panalinso ukapolo wa pakhomo, umene unalipo amalondawo asanabwere. Munthu ankatha kuperekedwa ngati chikole pa mlandu umene abale ake alephera kulipa, kapena kudzipereka yekha kwa mwini nkhokwe m'chaka cha njala. Ena amati ukapolo umenewu unali wofewa, chifukwa kapolo ankadya m'mbale imodzi ndi eni mudzi, ankakwatiwa momwemo, ndipo zidzukulu zake zinkasanduka abale. Zina mwa izi n'zoona, ndipo ku Virginia khungu linkatsekereza njira imeneyo. Komabe taonani pamene miyambo iwiriyi ikukumana. Mu 1662 Virginia inakhazikitsa lamulo loti mwana atsate mayi wake: mayi akakhala kapolo, mwananso ndi kapolo, ngakhale bambo wake atakhala mwini munda. Kwa ife Achewa mwana amatsatanso mayi, koma n'cholinga chomuteteza, pakuti kumbuyo kwa mayi kuli mbumba, kuli malume, kuli ankhoswe. Mkazi wogwidwa kapena wogulidwa analibe zonsezi. Mwamuna amene ankadziwa kuti ana a mkazi wake wa mfulu ndi a kuchikazi, ankapeza mwa mkazi wa ukapolo ana akeake, opanda malume wobwera kudzawatenga kapena kudzawayankhulira pa mlandu. Ndipo amalonda akafika, mangawa atavuta, woyamba kuperekedwa anali yemwe uja wopanda womulirira. Kufewa kwa ukapolo wotero kunkadalira mtima wa mbuye, ndipo mtima wa munthu umasintha chaka cha njala.

Nkhondo imene inathetsa zimenezi sinachokere mwa ife. Angerezi atalengeza mu 1891 kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chawo, mtsogoleri wawo kuno, Harry Johnston, anayamba kugonjetsa mafumu ndi amalonda mmodzimmodzi. Jumbe womaliza anachotsedwa n'kutumizidwa ku Zanzibar. Mu Disembala 1895 Mlozi, wamalonda a akapolo, anapachikidwa ku Karonga, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo gulu lotsogozedwa ndi Alfred Swann, momwe munali asilikali a Chisikh ochokera ku India ndi anthu ambiri a ku Nkhotakota, linathira nkhondo linga la Mwase Chibisa, amene ankasunga wamalonda wa Chiswahili dzina lake Saidi Mwazungu. Linga linagwa, Mwase anadzipha posafuna kugwidwa, ndipo boma limene anamanga pa Kasungu analitcha Fort Alston. Amene anamasulidwa m'magoli masiku amenewo anamasulidwadi, ndipo sindingapeputse chimwemwe chawo. Koma amene anabwera ndi ufuluwo anabweranso ndi msonkho wa nyumba, n'kutenga dziko. Ndicho chifukwa chake mwana wa ku Kasungu akamva za Mwase Chibisa amasowa poima: ndi mfumu imene inakana kugwadira mlendo, ndiponso ndi mfumu imene mphamvu zake zinatsamira pa malonda a a Jumbe. Zonse ziwiri n'zoona. Sipanakhale bwalo pamene Achewa, Angoni, Ayao ndi Aswahili anakhala pansi n'kufunsana kuti tinkagulitsiranji anzathu. Mlendo anagamula mlandu eni ake asanaukambe, ife n'kungophunzira kuti mawu oti kapolo ndi chipongwe chosayenera kunenera munthu.

Nkhondo zonse ziwiri zitatha, minda inafunabe manja. Ku America lamulo la 1865 linathetsa ukapolo, koma malo amene ena mwa omasulidwa anapatsidwa anabwezedwa kwa eni akale. Ambiri anayamba kulima m'minda ya azungu mogawana zokolola: mwini munda amakongoza mbewu, chakudya ndi zovala, kenaka pokolola amawerengera yekha, wolima n'kutsala ndi ngongole. Kuno kunabwera thangata m'maesiteti a kumwera, ndipo John Chilembwe, amene anaphunzira ku Lynchburg, tauni ya fodya ya mu Virginia, analizindikira msanga n'kuukira mu Januwale 1915.

Aliyense wokulira m'zigwa za Kasungu akudziwa chimene chinatsatira. Mabanja ochokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Mangochi, kumene malo ndi ochepa, ankabwera pa lole kudzakhala matenanti. Chimanga, feteleza, mchere, ngakhale ndalama ya kuchipatala, zonse zinkalowa m'buku la bwana. Mkazi ndi ana ankathyola ndi kusoka nawo fodya koma mayina awo m'bukumo munalibe. Utenanti si ukapolo, pakuti palibe ankagulitsidwa, ndipo alipo eni minda amene ankalipira mwachilungamo. Koma tenanti ali kutali ndi kwawo amafanana ndi mkazi uja wopanda malume: mawerengero akapotoka, alibe nkhoswe womuyankhulira, alibenso ndalama yokwerera basi.

Ulendo uno mawu a eni dziko anamveka. Mabungwe a antchito ndi a mipingo anadandaula kwa zaka zambiri. Komabe zinthu zinafulumira pamene America, mu Novembala 2019, inalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha ntchito yokakamiza ndi ya ana. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti. Lamulolo ndi labwino, koma lili ku Lilongwe, pamene buku la ngongole lili kuseri kwa chigafa. Chaka chino mabelo akamakwera lole pa Santhe, ndikufuna mafumu athu, abusa ndi ife eni minda tifunse amene anasoka fodyayo kuti kwawo n'kuti, walandira zingati, ndipo anawerengera ndani.