Mcenga Pamwamba, Dongo Pansi: Dothi la Norfolk ndi Zimene Dzina Lake Limaulula

Mlimi akafuna kudziwa munda, kawirikawiri amatapa dothi lapamwamba, nalifikisa m'manja, naweruza pomwepo. Komatu khasu limalowa masentimita 15 kapena 20 cabe, pamene mizu ya cimanga ingathe kutsika kupitirira mita imodzi ngati palibe coitsekereza. Zimene zili kunsi kwa polekezera khasu ndizo zimalamula ngati cimanga cidzapirira dzuwa la milungu iwiri mu Januwale, ndiponso ngati feteleza wogula ndi ngongole adzakhala m'munda kapena adzatsika ndi madzi. Pofuna kuti tiphunzire kuwerenga dothi kufikira pansi, tiyeni tione dothi lina lakutali limene akatswiri analifufuza kwa zaka zoposa zana: dothi la Norfolk la ku United States.

Kwao kwa dothili

Kum'mwera cakum'mawa kwa United States kuli cidikha cacikulu cotsata gombe la nyanja ya Atlantic ndi la Gulf of Mexico. Kalekale nyanja inali kufika kumeneko, ndipo pobwerera inasiya mcenga ndi matope, mitsinje nayo niwonjezera zake. Pa zotsalira zimenezi ndi pamene panapangika dothi la Norfolk, limene limapezeka kuyambira ku Virginia, kupyola North Carolina, South Carolina ndi Georgia, mpaka ku Alabama. Linalembedwa m'kaundula wa mitundu ya dothi mu 1900. Limakhala pamtunda wathyathyathya kapena wotsetsereka pang'ono, ndi lakuya kwambiri, ndipo madzi salikhalitsa. Kale munali nkhalango za paini. Lero alimi amabzalamo cimanga, thonje, nshawa, fodya ndi soya. Zimenezi ndi mbewu zomwezo za m'minda ya ku Chipata, Katete ndi Petauke.

Zimene dzenje limaonetsa

Mukakumba dzenje m'dothi la Norfolk, khoma lake limaonetsa magawo osanjikizana. Gawo lapamwamba, la masentimita pafupifupi 23, ndi mcenga wotuwa wosakanikira dongo locepa kwambiri. Mukaunyowetsa ndi kuufumbata, umangogwirana pang'ono, nuyoyoka mukaukhudza. Pansi pake pali gawo lopyapyala, lofika ca pa masentimita 36, la mcenga wombuwirira. Limeneli ndi gawo losukuluka: madzi a mvula, kwa zaka zikwi zambiri, anakokolola dongo ndi citsulo kucoka m'menemo, nazitsitsira pansi.

Kumene zinatsikirako ndilo gawo lacitatu, lacikasu coderako, limene limapitirira mpaka kupyola mita imodzi ndi theka. Apa dothi likanali ndi mcenga womveka m'zala, koma dongo laculuka, kotero kuti mukalinyowetsa ndi kulifinya pakati pa cala cacikulu ndi colozera limatuluka ngati kalamba ka masentimita atatu kapena anayi lisanaduke. Dothi lotere, losakhala mcenga wokhawokha kapena dongo lokhalokha, m'Cingerezi amalicha loam. Cinyezi ca munda wa Norfolk cimasungika m'gawo limeneli. Mbewu imene mizu yake yafikamo imapirira. Imene yalephera imafota ngakhale madzi ali pansi pake penipeni.

Dzina lokhala ndi mbiri yonse

Unduna wa zaulimi wa ku United States unasindikiza mu 1975 dongosolo logawira dothi lochedwa Soil Taxonomy. Dongosololi lili ndi masitepe asanu ndi limodzi, kuyambira pa mafuko aakulu, amene lero alipo 12, kutsika mpaka pa dothi limodzi lodziwika ndi dzina la malo, monga Norfolk. Zili ngati kufunsa munthu mtundu wake, mfunda wake, mudzi wake, kenaka dzina lake. Dzina lathunthu la dothili ndi ili: fine-loamy, kaolinitic, thermic Typic Kandiudults. Limaoneka loopsa, koma tikaliphwanya kuyambira kumapeto, liwu lililonse lili ndi uthenga kwa mlimi.

Kacidutswa kakuti ult kakuimira fuko la Ultisols, kucokera ku liwu la Cilatini lotanthauza cotsiriza. Ili ndi dothi lokalamba, losukuluka, la asidi, limene m'munsi mwake kashiamu, maginiziyamu, potaziyamu ndi sodiyamu sizikwana magawo 35 pa 100 a malo osungira cakudya ca mbewu. Kakuti ud kakunena kuti dothi limakhala lonyowa pafupifupi caka conse, pakuti kumeneko mvula imagwa miyezi yonse. Kakuti kandi kakunena kuti gawo la dongo lija ndi lakuya, koma dongo lake ndi lofooka posunga cakudya. Typic atanthauza kuti dothili ndi citsanzo ceniceni ca gulu lake, lopanda cacilendo.

Mau atatu akutsogolowo ndi a banja. Fine-loamy atanthauza kuti m'gawo la mizu dongo lili pakati pa magawo 18 ndi 35 pa 100, ndipo mcenga ulimo wokwanira. Kaolinitic akuchula mtundu wa dongolo, kaolinite, limene silitupa likanyowa, siling'aluka likauma, ndipo silimata pulawo monga amacitira makande a kudambo. Koma mphamvu yake yogwira cakudya ndi yocepa kwambiri poyerekeza ndi makandewo. Thermic akunena za kutentha kwa dothi, kumene pa caka kumakhala pakati pa madigiri 15 ndi 22.

Conco munthu wodziwa kuwerenga dzinali, ngakhale sanapondepo ku Carolina, angathe kunena kuti dothili ndi losavuta kulima, silisunga madzi pamwamba, lidzafuna laimu, ndipo feteleza wothira nthawi imodzi adzatayika.

Abale ake pamtsetse

Norfolk sakhala yekha. Pamalo ouma bwino pali mbale wake Orangeburg, wa banja lomwelo, amene amasiyana naye pa mtundu: pansi pake ndi pofiira ngati katondo. Mukatsika pang'ono mumapeza Goldsboro, amene ali ndi mawanga otuwa pasanafike masentimita 75. Kunsi kwake kuli Lynchburg, ndipo potsikitsitsa pali Rains, wotuwa kuyambira pamwamba, amene salimika popanda ngalande. Mtunduwo ndi umboni wa madzi. Citsulo ca m'dothi cikamapeza mpweya cimacita dzimbiri lofiira kapena lacikasu. Cikamizidwa m'madzi miyezi yambiri cimasungunuka, dothi nilitsala lotuwa. Aliyense amene anayendapo kucoka pamunda wakumtunda kutsikira kudimba akuudziwa mndandanda umenewu. Mawanga otuwa m'dzenje, ngakhale mutakumba mu Okutobala, akukuuzani pamene madzi amafika mu Febuluwale.

Mavuto atatu a mlimi wa pa Norfolk

Loyamba ndi kulimba kwa gawo lombuwirira lija. Popeza mulibe zowolerana zambiri, mcenga wake umathithikana, ndipo matayala a mathirakitala ndi pulawo zimaupondereza mpaka uume gwa. Mizu ikafika pamenepo imapinda nkuyenda cammbali. Ofufuza a boma a ku Florence, ku South Carolina, agwira nchito pa vutoli zaka zambiri, ndipo alimi akumeneko amang'amba gawolo ndi citsulo cacitali pansi pa mzere wobzalamo, kuti mizu ifike ku dongo. Gawolo limabwereranso kulimba, motero kung'ambako kumabwerezedwa, ndipo ambiri amabzala mbewu zophimba nthaka monga rye kuti mizu ndi zotsalira zake zithandize.

Laciwiri ndi asidi. Popanda laimu, pH ya dothili imakhala pansi pa 5.5, ndipo ikatsika motero aluminiyamu amasungunuka nawotcha nsonga za mizu, fosiforasi nayenso namangika. Alimi a nshawa amathiranso gypsum pa nthawi ya maluwa, pakuti nshawa imamwa kashiamu kudzera m'khoko lenilenilo, ndipo akasowa, makoko amatuluka opanda kanthu.

Lacitatu ndi kutayika kwa cakudya. Mcenga wapamwamba ndi dongo lofooka sizingagwire naitirojeni ndi potaziyamu mvula ikagwa yamphamvu, conco feteleza amathiridwa mogawa.

Cimene tingatengeko, ndi cimene tisiye

Zambia ilibe gombe la nyanja yamcere, ndipo dothi la Norfolk kuno kulibe. Koma fuko lake lilipo. Pa mapu a FAO, dothi lambiri la fuko la Ultisols limachedwa Acrisols, ndipo limapezeka m'madera ambiri a dziko lathu, makamaka kumpoto kumene mvula imapitirira mamilimita 1,000 pa caka. Minda yambiri yamcenga pamwamba, dongo pansi, ili ndi matenda atatu omwewo. Gawo lolimba limene thirakitala imapanga ku Carolina, kuno limapangidwa ndi khasu ndi pulawo ya ng'ombe yolima pa kuya kumodzimodzi caka ndi caka. Ripa ya Magoye ndi maenje obzalamo zinabwera kudzathetsa vuto lomwelo.

Kusiyana kwakukulu kuli pa kacidutswa kaja kakuti ud. Kwathu mvula imagwa kuyambira Novembala kufika Malici kapena Epulo, kenaka miyezi yambiri ya cilimwe, ndipo dothi lotere m'dongosolo lija limalembedwa ust. Mbewu yophimba nthaka imene kwao imakula m'nyengo yozizira, kuno ingaume popanda kuthirira. Ife tiyenera kudalira mapesi osatentha, manyowa, kasinthasintha ndi nyemba, nandolo kapena kalongonda, ndi mitengo monga msangu. Apa ndi pamene kugawa dothi m'magulu kumasonyeza phindu lake: kumatiuza malangizo amene tingabwereke ndi amene tiyenera kuwasiya kwao.

Mvula isanagwe, kumbani dzenje lakuya mita imodzi pakati pa munda wanu, ndi lina kumunsi kwake. Yezani ndi tepi pamene mtundu wa dothi ukusinthira, nimulembe m'kabuku. Nyowetsani dothi la gawo lililonse ndi kulifinya. Bayani khoma ndi mpeni kucokera pamwamba kutsika, mumve pamene ukukanira, ndipo muone ngati mizu yakale inapinda pamenepo. Mukapeza gawo lolimba, ripa kapena dzenje lobzalamo lipyole kunsi kwake. Kulekezera pamwamba pake ndi kutopetsa ng'ombe cabe. Mukapeza mcenga wakuya, gawani urea pawiri. Za laimu musaweruze ndi maso: tengani dothi lapamwamba ndi lapansi m'mapepala osiyana, nimufunse alangizi a zaulimi njira yolitumizira kukayezedwa, monga ku Mount Makulu ku Chilanga. Zotsatira zikabwera, funsani ngati pH anayezera m'madzi kapena mu calcium chloride, pakuti njira yaciwiriyi imapereka nambala yotsikirapo pa dothi lomwelo. Kabukuko musungeni, ndipo pakapita zaka zitatu mukumbenso pafupi ndi pamene munakumba, muone ngati mizu yatsika.